Wogawa makalata wa ku Maywood ndi mtengo wa kudziyimira pawekha

Pali nyimbo imodzi imene ndili nayo pawiri, ndipo ndimakonda kumvera zojambula ziwirizo motsatizana usiku anthu onse akagona. Nyimboyo ndi "Hello in There" ya malemu John Prine. Kujambula koyamba n'kwa m'chaka cha 1971, ndipo mawu amene amamveka m'menemo ndi a mnyamata woyimbira m'mphuno, wothamangirako pang'ono, amene akusimba za nkhalamba ziwiri zotsala zokha m'nyumba ana onse atapita. Kujambula kwachiwiri n'kwa m'chaka cha 2000, pa chimbale chotchedwa Souvenirs, ndipo pamenepo mawu aja atsika, asasa, akukhula ngati khasu pa mwala, moti womvera amakhulupirira kuti woyimbayo walowa yekha m'nyumba ya nkhalamba zija. Kwa nthawi yaitali ndinkangomva kusiyana kwa mawuwo. Tsiku lina ndinawerenga timalemba tating'ono ta kunsi, tonena za mwini wake wa chojambulacho, ndipo ndinaona kuti choyamba n'cha kampani ya Atlantic pomwe chachiwiri n'cha Oh Boy Records, kampani imene woyimbayo anaiyambitsa ndi anzake. Timalemba timeneto ndi timene tandichititsa kulemba nkhaniyi.

A Prine anabadwa pa 10 Okutobala 1946 ku Maywood, kufupi ndi mzinda wa Chicago m'chigawo cha Illinois ku America, koma makolo awo anali ochokera ku Kentucky, m'boma la Muhlenberg, ndipo banjalo linkabwerera kumeneko kukacheza ndi achibale. Gitala anaphunzitsidwa ndi mkulu wawo ali ndi zaka 14, kenaka anaphunzirako pa Old Town School of Folk Music ku Chicago. Atatsiriza sukulu analowa ntchito ya positi yogawa makalata m'makomo. Anaitanidwa ku usilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, koma anatumizidwa ku West Germany kumene ankakonza magalimoto, ndipo atabwerako anasenzanso chikwama chawo cha makalata chija.

Ntchito yogawa makalatayi sindiiona ngati kankhani kongokometsera mbiri ya munthu. Wogawa makalata amayenda njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku, miyendo imadziwa yokha kopita, ndipo mutu umakhala ndi mpata wochita zina. Nyimbo zambiri zoyambirira anazipekera m'njira momwemo, manja ali otanganidwa ndi maenvelopu, kotero kuti mzere uliwonse unkayenera kukhala woti ukhazikike m'mutu mpaka madzulo pamene akanatha kugwira gitala. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake nyimbo zawo zilibe mawu otayatayika. Ine ndimagwirako gitala, moperewera ndithu, ndipo nyimbo zawo zambiri ndimatha kuzitsatira ndi kagwiridwe katatu kokha ka zala pa nsambo; chimene sindingathe ngakhale pang'ono ndi kupeza mawu ochepa chotero onyamula katundu wolemera chotero. Komanso wogawa makalata amaona anthu ali pakhomo pawo osadzikongoletsa, amadziwa nyumba imene simalandira kalata ina iliyonse kupatula za ngongole, ndiponso amadziwa nkhalamba imene imadikira pa windo pofuna kungomva moni.

Kutulukira kwawo pagulu kunachitika mwamsanga kwambiri. Anayamba kuyimba pa kabala kakang'ono ka ku Chicago kotchedwa Fifth Peg, pa usiku umene aliyense wofuna amaloledwa kukwera pansanja. Mu Okutobala 1970 mtolankhani Roger Ebert, amene ntchito yake inali yolemba za mafilimu mu nyuzipepala ya Chicago Sun-Times, analowa m'kabalako, anamvera, ndipo analemba nkhani yotamanda wogawa makalata woyimbayo. Chaka chotsatira mnzawo Steve Goodman, woyimbanso wa mumzinda womwewo, anakoka Kris Kristofferson, woyimba wotchuka, kupita naye ku Earl of Old Town usiku kwambiri, malowo atatsekedwa kale ndipo mipando itaikidwa pamwamba pa matebulo. A Prine anatulutsanso gitala ndi kuyimbira anthu owerengeka amenewo. Posakhalitsa Kristofferson anawakweza pansanja ya Bitter End ku New York, kumene Jerry Wexler wa ku Atlantic anali m'gulu la omvera, ndipo mgwirizano unatsatira. Chimbale choyamba chinajambulidwa ku Memphis n'kutuluka m'chaka chomwecho cha 1971.

Chimbale chimenecho chimandidabwitsabe mpaka lero, chifukwa munthu wosakwana zaka 25 analankhula m'malo mwa anthu amene iye sanali. Muli msilikali wobwera ku nkhondo atazolowera mankhwala ozunguza bongo, amene ndalama za banja zikuthera mu jakisoni. Muli mayi wa zaka zapakati amene watopa ndi ukwati wopanda macheza, mu nyimbo ya "Angel from Montgomery". Muli nkhalamba zija. Mulinso "Paradise", yonena za kamudzi ka makolo awo ka m'mbali mwa mtsinje wa Green River, kamene kanafafanizika chifukwa cha migodi ya malasha ndi malo opangira magetsi, ndipo nyimboyo imatchula dzina la kampani yokumba malashayo mosabisa. Pano m'pamene chamba cha folk ndi cha country zimakumana: folk imapereka chizolowezi choyimba za anthu wamba ndi madandaulo awo munthu ali yekha ndi gitala, pomwe country imapereka kalankhulidwe ka kumidzi ya kummwera kwa America ndi luso losimba nkhani yathunthu m'mphindi zitatu. Vuto lake n'lakuti woyimba wokhala pakati pa zamba ziwirizi amasowa pomuika. Mawailesi a country ankamuona ngati wa folk, ena ankamuona ngati wa country, ndipo kampani yaikulu imafuna nyimbo yomveka pa wailesi kuti ibweze ndalama zake.

Anatulutsa zimbale zinayi ku Atlantic pakati pa 1971 ndi 1975, kenaka zitatu ku Asylum pakati pa 1978 ndi 1980. Olemba nkhani ankawatamanda, oyimba anzawo ankawalemekeza, holo zinkadzaza ndithu, koma zimbalezo sizinkagulidwa pa mlingo umene makampani aakulu amauyembekezera. Kuti munthu amvetse chifukwa chimene woyimba wotere angatopere, ayenera kudziwa mmene mgwirizano wa masiku amenewo unkayendera. Kampani imapereka ndalama zoyambira, zimene kwa mnyamata wochokera ku ntchito ya positi zimaoneka ngati chuma chosatha. Koma ndalamazo si mphatso. Kampani imazibweza, pamodzi ndi zolipirira situdiyo ndi oyimba othandiza, kuchokera pa kagawo kakang'ono ka woyimbayo pa chimbale chilichonse chogulidwa, osati pa ndalama zonse zimene chimbalecho chabweretsa. Choncho n'zotheka kampani kukhala itapindula kale pomwe m'mabuku mwake woyimba akuonekabe wangongole. Ndipo ngakhale ngongoleyo ithe, tepi yoyambirira ija, imene eni ntchito amaitcha master, imatsala m'manja mwa kampani. Zili ngati kumangitsa nyumba ndi ngongole, kuibweza yonse, kenaka n'kuuzidwa kuti nyumbayo ndi ya wobwereketsa.

Apa pali mfundo imene omvera nyimbo ambirife sitiidziwa, yakuti nyimbo yojambulidwa imakhala ndi umwini wa mitundu iwiri. Pali umwini wa nyimbo yeniyeniyo, kutanthauza mawu ndi mang'ombe ake, umene ndi wa wopeka ndi kampani yomusungira nyimbo zake. Ndipo pali umwini wa chojambulacho. Ku America lamulo linaika malipiro a wopeka pa masenti awiri pa nyimbo imodzi pa mbale iliyonse, ndipo mtengo umenewo sunasinthe kuyambira 1909 mpaka kumapeto kwa 1977. Tikawerengetsera, nyimbo imodzi yogulitsidwa pa mbale 100,000 inkabweretsa madola 2,000 okha, amenenso ankagawidwa. Mawailesi wamba a m'dzikolo amalipira wopeka kudzera m'mabungwe monga ASCAP ndi BMI, koma salipira woyimba kapena mwini chojambula. Izi zikutanthauza kuti munthu amene amadzipekera yekha nyimbo ali ndi khomo lachiwiri lolowera ndalama, ndipo khomo limeneli linawathandiza a Prine. Bonnie Raitt anajambula "Angel from Montgomery" m'chaka cha 1974 ndipo anaifikitsa kwa anthu ochuluka. Don Williams anafika pa nambala 1 pa ndandanda wa nyimbo za country m'chaka cha 1983 ndi nyimbo imene a Prine anapeka pamodzi ndi Roger Cook, ndipo George Strait anachitanso chimodzimodzi m'chaka cha 1998 ndi nyimbo ina ya anthu awiri omwewa. Ambiri amene anavina nyimbo zimenezo sankadziwa n'komwe dzina la wopekayo.

Mgwirizano wa ku Asylum utatha, a Prine anasamukira ku Nashville, likulu la malonda a nyimbo za country, ndipo m'malo mofunafuna kampani yachitatu, m'chaka cha 1981 anayambitsa Oh Boy Records pamodzi ndi Al Bunetta, amene ankawayendetsera ntchito, komanso Dan Einstein. Choyamba kutulutsa chinali kambale kakang'ono kofiira ka nyimbo za Khirisimasi. Chimbale chathunthu choyamba, Aimless Love, chinatuluka m'chaka cha 1984, ndipo njira yaikulu yogulitsira inali ya positi. Okonda nyimbo zawo ankatumiza macheke m'maenvelopu, ena chimbalecho chisanatuluke n'komwe, moti ndalama za omverawo zinathandiza kulipira ntchito yochipanga. Ndikaganiza zimenezi ndimamwetulira ndekha, chifukwa munthu amene anatha zaka akuponya makalata a eni m'mabokosi anadzapulumuka ndi makalata obwera kwa iye. Chuma chenicheni cha kampaniyo chinali mndandanda wa maina ndi makeyala a anthu amene anali atasonyeza kale kuti adzagula. Masiku ano anthu amasonkhetsa ndalama za chimbale pa intaneti n'kumaona ngati ndi nzeru yatsopano, chonsecho sitampa ndi envelopu zinagwira ntchito yomweyo kalekale.

Masamu ake ndi osavuta. Woyimba amene amalandira kagawo kakang'ono pa chimbale ayenera kugulitsa zimbale zankhaninkhani kuti aone phindu, pomwe amene ali mwini kampani amatsala ndi gawo lalikulu akachotsa zolipira, kotero kuti chiwerengero chimene kampani yaikulu ingachitche kulephera chimamukwanira kudyetsa banja ndi kujambula chimbale china. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Koma walira mvula walira matope. Zonse zimene kampani yaikulu inkachita mwakachetechete zimagwera pa mapewa a woyimbayo ndi anthu ake ochepa: kulipira situdiyo, kusindikiza mbale ndi zikuto zake, kusunga makatoni, kunyengerera masitolo kuti aike chimbale pa shelefu, kulondalonda ogulitsa amene akuchedwa kulipira, ndiponso kupirira ngati mbale zasindikizidwa zambiri kuposa ogula. Pamwamba pa izi pali msewu, chifukwa woyimba wa chamba ichi amadya za pansanja, ndipo moyo wake ndi wa maulendo ataliatali, zipinda zogona alendo, ndi tebulo la pakhomo la holo pamene pamagulitsidwa zimbale ndi malaya. Mawu akuti kudziyimira pawekha amanamiza pang'ono, pakuti mutu umodzi susenza denga. A Bunetta anayendetsa mbali ya malonda kwa zaka zoposa 30 mpaka pamene anamwalira m'chaka cha 2015, ndipo popanda munthu wotere wokhala ndi mabuku a ndalama ndikukayika ngati woyimbayo akanapeza nthawi yopeka kalikonse.

Ndiyeneranso kunena chinthu chimene okonda nkhaniyi amachilumpha. Pamene Oh Boy inkayamba, a Prine anali kale ndi dzina, ndipo dzinalo linamangidwa ndi zaka khumi za ndalama za Atlantic ndi Asylum. Anthu amene ankatumiza macheke aja anawadziwira pa zimbale za makampani omwe aja. Choncho sindigwirizana ndi amene amauza wachinyamata aliyense wonyamula gitala kuti angotsatira mapazi amenewa ndipo zonse ziyenda. N'zoona kuti alipo amene anayambira pansi penipeni paokha, monga Ani DiFranco amene anakhazikitsa Righteous Babe ku Buffalo m'chaka cha 1990 asanasainepo ndi kampani yaikulu iliyonse, koma iyeyo analipira ndi zaka zambiri za kuyimba m'timalo tating'onoting'ono. Lero kujambula kwatsika mtengo ndipo aliyense angathe kuika nyimbo pa intaneti, koma chosowa tsopano ndi khutu la womvera, poti nyimbo zachuluka ngati mchenga. Kuyambira m'chaka cha 2024 Spotify, kampani yomvetsera nyimbo pa intaneti, sipereka malipiro a chojambula pa nyimbo imene sinamveredwe ka 1,000 m'miyezi 12 yapitayo. Chinanso n'chakuti woyimba wa lero angakhale ndi omvera zikwizikwi koma osadziwa dzina kapena keyala ya ngakhale mmodzi, chifukwa mndandanda uja uli m'manja mwa kampani ya intaneti. M'maganizo mwanga, wogulitsa pa positi wa 1984 anali womasuka kuposa ameneyu.

Phindu lalikulu la njira imene anasankha linaoneka mochedwa, ndipo silinali la ndalama zokha. M'chaka cha 1991 anatulutsa The Missing Years, chojambulidwa motsogozedwa ndi Howie Epstein, ndipo chinapata mphoto ya Grammy m'gulu la nyimbo za folk zamakono, chimene chinali chinthu chachikulu kwa kampani yaing'ono chotero. Kenaka m'chaka cha 1998 anapezeka ndi khansa ya pakhosi. Madokotala anachotsa mbali ya khosi, mitsempha ina ya lilime inaduka, ndipo panapita pafupifupi chaka akuphunziranso kulankhula ndi kuyimba. Mawu amene anabwerera sanali aja akale. Apa m'pamene ndimadzifunsa kuti kampani yoyang'ana phindu la miyezi itatu ikanatani ndi bambo wa zaka zoposa 50, wa khosi lopendekeka ndi mawu osasa, amene sanakhalepo ndi nyimbo yotchuka pa wailesi m'mawu akeake. Ku Oh Boy kunalibe woti awachotse ntchito. M'chaka cha 1999 anatulutsa chimbale choyimba awiriawiri ndi oyimba aakazi, mmodzi mwa iwo Iris DeMent, ndipo chaka chotsatira anajambulanso nyimbo zawo zakale, zimene zinapatsa kampani yawo zojambula zakezake za nyimbo zimene matepi ake oyamba anatsala kwa eni. Chimbale cha Fair & Square cha 2005 chinabweretsa Grammy yachiwiri, ndipo m'chaka chomwecho anaitanidwa ndi mlakatuli Ted Kooser kukayimba ndi kukambirana za mawu a nyimbo zawo ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya dziko la America.

Khansa inabweranso m'chaka cha 2013, ulendo uno m'mapapo, ndipo mbali ya phapo lakumanzere inachotsedwa. Njira imene anabwezeretsera mpweya imandikhudza kuposa mphoto zonse: ankathamanga kukwera ndi kutsika masitepe a m'nyumba mwawo, kenaka ali wefuwefu n'kunyamula gitala ndi kuyimba, kuti thupi lizolowerenso kutulutsa mawu mpweya uli wochepa. Patapita miyezi ingapo anabwerera pamsewu. A Bunetta atamwalira, mkazi wa a Prine ndi mwana wawo ndi amene anatenga udindo woyendetsa ntchitoyo, ndipo m'chaka cha 2018 kunatuluka The Tree of Forgiveness, chimbale choyamba cha nyimbo zawozawo zatsopano patapita zaka 13. Chinafika pa nambala 5 pa Billboard 200, ndandanda wa zimbale zotchuka kwambiri ku America, pamwamba kuposa chimbale chawo china chilichonse, mwini wake ali ndi zaka 71. Ndikamvera chimbale chimenecho ndimamva munthu amene sakuthamangira kalikonse, amene akuseka imfa yake yomwe poyera, ndipo oyimba achinyamata amene anakulira pa nyimbo zake akumuthandiza kumbuyo.

Analowetsedwa mu Songwriters Hall of Fame, gulu la ulemu la opeka nyimbo, m'chaka cha 2019. Anamwalira pa 7 Epulo 2020 ku Nashville ndi matenda a Covid-19, ali ndi zaka 73, pa nthawi imene holo zonse zinali zotseka ndipo anthu sakanatha kusonkhana kuti awalire, moti mwambo wowakumbukira unaulutsidwa pa intaneti. Nyimbo yotsiriza imene anajambula, ali ndi gitala yokha, inatuluka atamwalira kale ndipo inapata ma Grammy awiri m'chaka cha 2021. Oh Boy Records ikugwirabe ntchito ku Nashville m'manja mwa banja lawo, ndipo ikutulutsanso nyimbo za oyimba ena achinyamata. Gawo lina la phulusa lawo linamwazidwa mu mtsinje wa Green River ku Kentucky, monga momwe anapemphera mu nyimbo ya "Paradise" ija, imene anaipeka akadali wogawa makalata.